Apongozi m'Galasi

Ndirande, Blantyre
12 Ogasiti 1973

Mng'ono wanga Rakele,

Landira moni wanga ndi manja awiri. Kuno tili bwino. Alamu ako a Reinford ali gwa, kungoti mimba ikuwakulira ngati ya bwana pamene ntchito ikadali yaukalaliki yomwe ija. Kaya inu kumeneko, makamaka amayi ndi bondo lawo lija?

Ndinavina ndekha m'nyumba nditawerenga kuti amuna ako a Lazaro amaliza kukhoma malata. Nyumba ya njerwa zootcha pamudzi pathu! Fodya wa chaka chino wakuchitirani ulemu. Koma chimene chinandigwetsa misozi ndi chipinda cha kumapeto chimene amangira amayi, cha khomo lakelake kuti asamakumane ndi akamwini awo. Kanyumba ka amayi ndinakaona pa Isitala. Chiswe chinamaliza nsichi zonse, ndipo khoma la kumvuma lawerama ngati likupemphera. Chonde, mvula ya chaka chino isawapeze m'menemo.

Tsono tamvera. Kuno kutauni nyumba ya masiku ano siitchedwa nyumba ngati pabalaza palibe galasi. Sindikunena kagalasi kometera ndevu ayi. Ndikunena galasi lotalika ngati mwana wako Manesi, la felemu yagolide yozokotedwa maluwa ndi masamba. Si golide weniweni, ndi utoto, koma zimenezo usamauze anthu. Ndakugulira ku Limbe, ndipo libwera Loweruka pa basi ya ku Kasungu ndi a Bonifasi, anansi athu amene akupita kwawo. A Lazaro akadikire pa Madisi. Ndalikulunga m'bulangete lathu labwino. Galasilo ndi lako, koma bulangete ubweze.

Ulipachike pakhoma loyang'anizana ndi chitseko, kuti kuwala kolowa pakhomo kuzibwerera m'nyumba. Udzaona wekha, pabalaza padzaoneka ngati pakula kawiri. Lisakwere kuposa chithunzi cha a Pulezidenti, zimenezo ukudziwa kale, ndiye ulitsitse m'munsi ndithu. Kutsikako kuli ndi ubwino wake, chifukwa umaona ngati diresi yaphimba maondo usanatuluke, poti masiku ano achinyamata a chipani maso awo ali pa mipendero. Popukuta uzigwiritsa ntchito nyuzipepala yonyowa. Usandikwechere ndi phulusa ngati poto!

Undilembere mmene amayi akondwere.

Mkulu wako,
Ester


Kwa Kamphinda, Bowe
P.O. Madisi
9 Sepitembala 1973

Akulu anga a Ester,

Moni wanu tinalandira. Ife tili moyo, koma kuti tili bwino sindinganene. Ndiyambe ndi zokoma.

Galasi linafika lamphumphu. Alamu anu anabwereka ngolo, ndipo kuchokera pa Madisi mpaka kuno analifukata pamiyendo ngati khanda, ng'ombe zikangoponda pokumbika iwo n'kumakuwa. Titamasula bulangete mudzi wonse unasonkhana. Golide uja anthu amukhulupirira. A Veronika a kutsidya anadzipatsa moni okha, kenaka n'kufunsa kuti mayi wamwanoyu ndi wa kuti, woyankha pamodzi ndi iwo. Tinadikira kuti laimu aume pakhoma, ndipo Lolemba tinalipachika monga munanenera, moyang'ana chitseko, m'munsi mwa chithunzi. Simunaname, nyumba inawala ngati ofesi ya kwa DC.

Tsono chakudza sichiimba ng'oma. Mukudziwa kuti alamu anu akhala pachikamwini pano zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chibwerereni sanayang'anepo amayi kumaso. Akawaona panjira amakhotera m'munda. Amayi nawo akamva kutsokomola kwawo amatembenukira kukhoma. Munda wa amayi amalima ndi iwo, nkhokwe amaluka ndi iwo, koma mawu onse amadzera mwa ine. Mwambo umenewu onse awiri amaunyadira kuposa a Mvano ndi yunifolomu yawo.

Amayi anali asanalowebe m'nyumba yatsopano. Tinapangana kuti abwere kudzaiona Lachiwiri, alamu anu akapita kudimba. Iwo ataona kuti njinga palibe pakhonde anati njira yayera, osadziwa kuti njingayo yabwerekedwa kupita kuchigayo. Ine ndinali kuchitsime. Pobwera ndi ndowa pamutu, ndinangoona amayi akutuluka pakhomo liwiro, chitenje atatseka nacho pakamwa, mapewa ali njenjenje, misozi ili mbwembwembwe. Ndodo yawo anaisiya pakhonde. Bondo lija sindidziwa kuti linapita kuti tsiku limenelo.

M'nyumba ndinapeza alamu anu ataima njo, chipewa m'manja. Ndinafunsa kuti kwagwanji. Anati, "Taonana." Ndinati, ndi yani? Anati, "Ndi amayi. M'galasimo." Kuchokera pamenepo sananenenso kanthu, ndafunsa mpaka kutopa.

Tsopano amayi akuti m'nyumba muno sadzapondamonso, ngakhale m'chipinda chawo chimene. Ndikafunsa chifukwa amangogwira pakamwa n'kundithamangitsa. Akuti agona m'kanyumba kawo komweko, kagwe kasagwe. Chipinda chili chotseka, mkeka watsopano uli chipindire pakona.

Akulu anga, ndichite chiyani? Bulangete ndibweza akamadutsa a Bonifasi.

Mng'ono wanu,
Rakele


Ndirande
23 Sepitembala 1973

Rakele,

Moni nonse. Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo nkhaniyi ndaimvetsa kuposa iwe amene uli pomwepo. Amayi ndinawadziwa iwe usanabadwe.

Zoonana m'galasizo ndi chonamizira chabe. Munthu angalire chifukwa chaona nkhope ya mkamwini? Nkhope ya a Lazaro si yoipa chotero. Zoona zake n'zakuti amayi anyanyala. Aona chinthu chokongola chotere chapita kwa mwana, iwo amene anatibereka osalandira kanthu. Ukukumbukira chaka chimene ndinakugulira nsapato zapulasitiki, anakhala sabata yathunthu akuti mano akuwawa? Ndi zomwezo. Kulakwa n'kwanga, ndipo ndakonza.

Ndatumiza phukusi papositi. Muli kagalasi kakang'ono kogwira pamanja, nakonso ka m'mbali mwagolide, pamodzi ndi duku lobiriwira. Ukawapatse ndi manja awiri, unene kuti Ester akuti lalikulu lija ndi la alendo, koma aka n'ka mwini mudzi. Uona, pofika Lamlungu adzakhala atasamuka.

Galasi lalikulu musalichotse. Mukalichotsa khoma lidzaoneka ngati mkamwa mwa munthu wogweruka dzino. Ngati mungapeze maluwa apulasitiki ku Dowa muike m'botolo pansi pake, kuno akuchita choncho.

Alamu ako akuti uwasungire mtedza.

Ine,
Ester


Kwa Kamphinda
14 Okotobala 1973

Akulu anga,

Moni ndi wachidule lero chifukwa mtima suli m'malo.

Phukusi linafika. Duku amayi avala kutchalitchi. Koma kagalasi kaja atangokatulutsa m'pepala, mapewa anayambanso kugwedezeka, chitenje pakamwa, misozi. Anakakwirira m'dengu la nyemba. Munthu wapsa ndi moto inu mukumutumizira khala!

Lachinayi kunagwa chizimalupsa. Sinali mvula yoti n'kuitcha mvula, koma kwa amayi kunadontha malo asanu. Ndinawapeza atakhala pakati pa nyumba, beseni pamutu, akuimba nyimbo ya m'buku ngati palibe chachitika. Alamu anu anafuna kukafolera, koma atagwedeza nsichi imodzi inatsalira m'manja. Denga limenelo silingasenze munthu. Khoma lija latsegula mng'alu woti mkono wanga ukulowa.

Galasi alamu anu alitembenuzira kukhoma. Pabalaza pathu tsopano pakongola ndi kabodi wa kumbuyo kwake. Iwo sakudya, awonda, amalawirira kudimba n'kubwera dzuwa litalowa. Awiriwa nyumba zawo zatalikirana mapazi makumi atatu, ndinawerenga, koma ngati wina ali ku Joni wina kuno. Ine ndatopa kukhala mlatho woti palibe akuwolokapo.

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri a Ntchisi. Ndili ndi mantha, akulu anga.

Rakele


Kwa Kamphinda
21 Okotobala 1973

Okondedwa alamu,

Ndine Lazaro Mbewe. Ndikupepesa pokulemberani ine mwini, zimene sindinachitepo. Ndikhulupirira kuti inu ndi a Reinford muli bwino mwa chifundo cha Ambuye. Mng'ono wanu Rakele sakudziwa za kalatayi, chifukwa ali ndi pakamwa popepuka ndipo nkhani yanga ndi yamanyazi.

Ndikuthokoza chifukwa cha galasi. Ndi chinthu chabwino, cholakwa ndine.

Tsiku lija ndinachedwa kupita kudimba chifukwa ndimafuna kulimbitsa msomali. Nditatha ndinadziona ndekha m'galasi, thupi lonse, koyamba m'moyo wanga. Ndiye kunandibwerera maganizo opusa. Pomanga chipinda cha amayi, njerwa iliyonse ndinkaiika ndi mawu mumtima, mawu amene mwambo sundilola kuwauza. Ndinati poti muli ndekha, ndingowanena kamodzi ndimve mmene amamvekera. Ndinavula chipewa, ndinagwada, ndinati, "Amayi, takulandirani. Nyumba ino ndi yanu, ife ndife ana anu." Sanamveke bwino. Ndinabwereza ndi mawu aakulu ngati a mkulu wa mpingo. Anaipiratu. Ndinayesanso ndi mawu aang'ono. Pokweza maso, m'galasimo munali amayi, atanjuta pakhomo kumbuyo kwanga, akundiyang'ana. Ndipo alamu, ine sindinazolike. Ndinawayang'ana ndithu, sindidziwa kwa nthawi yotalika bwanji.

Anachoka akulira. Ndikudziwa chimene anaganiza: kuti ndimawanyogodola, ndiponso kuti galasi ndinalitchera pakhomo dala ngati msampha woti ndiziwasuzumira. Ulemu wa zaka zisanu ndi zitatu ndinautaya m'mawa umodzi.

Tsono ndaganiza chotere. Amayi sangalowe m'nyumba muno ine ndili momwemo. Kanyumba kawo sikafika Khirisimasi. Pakati pa Novembala ndidzapita kwathu ku Ntchisi, ndikakhale kwa mlongo wanga mpaka mvula ithe. Fodya wa chaka chino awonongeka, koma fodya amadzalidwanso. Chimene ndikupempha n'chakuti inu muwalembere amayi kuti ndachoka ndekha, palibe wandipirikitsa, ndipo alowe m'chipinda chawo ndi mtima woyera. Inu amakumverani.

Ndatha ine mlamu wanu,
L. Mbewe


Kwa Kamphinda
22 Okotobala 1973

Ester mwana wanga,

Ndine mai ako, Nachisale. Akundilembera ndi a Faines, mlembi wathu wa Mvano, ndipo alumbira kuti zimene alembe pano zithera papepala. Moni kwa amuna ako. Bondo lilipo, silinasamuke.

Duku ndalandira, zikomo. Koma iwe ndi nzeru zako za m'tauni, ukuganiza kuti ine ndingachitire nsanje mwana wanga chifukwa cha galasi? Nkhope yanga ndimaidziwa, ndakhala nayo nthawi yaitali.

Tamvera ndikuuze, poti Rakele ndikamuuza, pofika madzulo ndiye kuti Bowe yense wamva. Tsiku lija ine sindinalire. Ndinaseka.

Ndinafika pakhomo n'kupeza a Mbewe ali m'nyumba, atandifulatira. Msana wa mkamwini suletsedwa, ndauona zaka zonsezi m'munda mwanga. Ndinanjuta kuti ndibwerere mwakachetechete. Ndiye ndinamva akulankhula. Pokweza mutu, si uyo munthu ali pakhoma, wazunguliridwa ndi maluwa agolide ngati mngelo wa m'buku la Sande Sukulu, atagwada, chipewa pachifuwa! Akulankhula ndi mawu a ng'ombe, kenaka ndi mawu a mwanapiye. Atandiona maso anatuzuka. Ndipo makutu, Ester! Makutu aja a mdzukulu wanga Manesi, otambalala ngati masamba a fodya, ine zaka zonsezi ndakhala ndikunamizira malemu bambo ako kuti ndi a kumtundu kwawo. Eni makutu anali pakhomo panga pomwe.

Phwete linanditulukira ndisanaligwire. Ndinatseka pakamwa n'kuthawa, ndinakathera kuseka kuseri kwa nkhokwe mpaka nthiti kuwawa. Mpaka lero ndikangoona galasi zimayambiranso.

(Pano amayi asekanso, tayamba taima. Ndine Faines.)

Tsono kusekako n'kumene kwandimanga miyendo. Munthu waumba njerwa, wandimangira chipinda, wagwada kundilandira, ine n'kumuseka m'nyumba mwake ngati mtsikana wopanda mwambo. Ndi chipongwe chotani chimenecho? Ndikumva kuti sakudya. Wakwiya, ndipo akuyenera kukwiya. Ndikalowe bwanji m'chipinda cha munthu amene ndinamunyoza? Bola khoma lindigwere kusiyana n'kukagona pa manyazi otere.

Koma mawu aja ndinawamva, katatu konse. Ndinabereka ana aakazi okhaokha, ndipo sindinkadziwa kuti pali mwamuna angadzanene kwa ine kuti ife ndife ana anu. Ndimawanena ndekha ndikamasenda nyemba.

Usauze munthu. Unditumizireko mankhwala opaka pabondo, aja onunkha.

Mai ako

(Ester, ndalemba zonse monga ananenera. Ndinalumbira kuti sindilankhula, ndipo sindilankhula. Koma kanyumbaka ndakhalamo ola limodzi, maso anga anali kudenga nthawi yonse. Chita changu. F.)


Ndirande
9 Novembala 1973

Rakele,

Moni pambuyo, nthawi palibe. Makalata awiri ochokera kumeneko agona milungu iwiri m'thumba la jekete la alamu ako. Anawatenga ku ofesi n'kuiwala. Ndawapeza lero pochapa, ndipo zimene ndawauza a Reinford sizolembeka.

Ndinalakwa, amayi sananyanyale. Ndavomera, usazolowere.

Mu envulopu ino muli makalata awiri omata. Usatsegule, ndikudziwa zala zako. Yolembedwa "A Mbewe" ukapereke kwa amuna ako m'manja. Yolembedwa "Amayi" upite nayo kwa a Faines akawawerengere, iwe ukhale panja. Uchite zimenezi tsiku lomwelo, ngakhale upeze mphika uli pamoto.

Onse awiri anandipempha kuti ndisunge chinsinsi. Ndasunga, sindinauze munthu wakunja. Ndangobweza makalata kumudzi kumene anachokera, kungoti aliyense ndamupatsa ya mnzake. Akafuna kundikwiyira andikwiyire ali m'nyumba ya malata.

Undiyankhe msanga, sindigona.

Ester


Kwa Kamphinda
20 Novembala 1973

Akulu anga okondedwa,

Moni, moni, moni! Tonse tili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

Kalata yanu inafika Lachinayi, alamu anu atamanga kale katundu panjinga. Anandiuza m'mawa womwewo kuti akupita ku Ntchisi mpaka mvula ithe, ine ndili kulira pakhonde ngati wamasiye. Aphunzitsi amene amatitengera makalata ku Madisi atabweretsa envulopu ndinachita monga munanenera, ngakhale zala zinkandiyabwa.

Alamu anu anawerengera yawo pansi pa mtengo wa mango, njinga atayedzeka. Ndinaona munthu akuyamba kugwira khutu lakumanja, kenaka lakumanzere. Anaitana Manesi, namuyang'ana mbali iyi ndi iyi. Kenaka anakhala pansi n'kuseka mpaka chipewa kugwa. Chikwatiwireni sindinawamvepo akuseka choncho.

Ya amayi anakawawerengera a Faines m'kanyumba muja. Ine ndinali panja monga munalamulira, koma khoma la mng'alu silisunga mawu. A Faines atamaliza, ndinamva amayi akumina. Kenaka anati, "Ku Ntchisi akukatani? Nanga katundu wanga anyamula ndani?"

Pofika masana anali atasamuka. Katundu anakwera njinga yomwe ija. Amayi anatsogola ndi ndodo, alamu anu pambuyo maso ali pansi, ine pakati monga mwa masiku onse. Nkhani yonse ndinaimva pambuyo pake, ndipo ndakwiya nanu nonse atatu. Anthu otalikirana mapazi makumi atatu mpaka mawu awo akazungulire ku Blantyre, ine ndili pomwepa! Akuti ndili ndi pakamwa popepuka. Ine? Ndangouza a Veronika okha basi.

Koma imvani izi. M'mawa mwake amayi anabwera pakhomo la pabalaza, nayala mkeka pakhonde, nati, "Rakele, uwauze a Mbewe atembenuze chinthu chija. Mwana wanga sanagule kabodi." Alamu anu analitembenuza. Anakhala pampando atafulatira khomo, amayi pamkeka kumbuyo kwawo. Ndiye amayi anayang'ana m'galasi n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, a Mbewe?" Osadzera mwa ine! Alamu anu anayankha ndi mawu a mwanapiye aja, ndipo tonse tinagwa nako kuseka.

Tsopano ndi tsiku ndi tsiku. Akaweruka kumunda, wina pampando wina pamkeka, nkhani zili m'galasi: za mbewu, za nyimbo za kutchalitchi, za mbuzi ya a Mateyu. A Veronika anabwera kudzadzudzula kuti mwambo watha pamudzi pano. Amayi anati, "Makolo analetsa kuyang'anana maso ndi maso. Za galasi sananenepo kanthu, poti analibe. Ine ndikuyang'ana khoma, a Mbewe akuyang'ana khoma. Walakwa ndani?" A Veronika anangokonza duku m'galasi momwemo n'kumapita.

Ntchito yaumlatho yandithera, tsopano ndine wopukuta galasi. Mutitumizireko nyuzipepala zakale. Maluwa apulasitiki sitinapeze, taika a chitimbe m'botolo la mafuta.

Wanu wokondwa,
Rakele


Kwa Kamphinda
3 Disembala 1973

Okondedwa alamu,

Ndine Lazaro. Moni kwa inu ndi a Reinford, amene ndawakhululukira za jekete. Rakele amafuna kulemba yekha, koma ndamupempha kuti nkhani iyi ikhale yanga.

Mvula yeniyeni inagwa Loweruka masana. Tinali titangobwera kowokera fodya. Amayi anali pamkeka, koma chifukwa cha mphepo anaukokera m'kati mwa chitseko. Ine ndinali pampando wanga, ndipo ankandifotokozera m'galasi mmene anthu ankayendera pansi kupita ku Dowa kalelo. Nkhani ili pakati kunachita mdima, mphenzi inang'anima, bingu linagunda pafupi. Amayi anakuwa kuti, "Phimbani galasilo, liitana mphenzi!" Rakele anavula chitenje n'kuliphimba lonse.

Ine maso pa chitenje, amayi kumbuyo kwanga. Popanda galasi tinabwerera mwakale, panalibe woyamba kulankhula. Mvula inali kulira pamalata moti ngakhale Rakele anatseka pakamwa.

Kenaka tinamva chiphokoso panja, chosiyana ndi bingu, ngati ngolo yakhuthula mchenga. Rakele anasuzumira pawindo n'kugwira kumutu. Kanyumba ka amayi kanali katagwa. Khoma la kumvuma linagwera m'kati, denga n'kutsatira, pamalo penipeni pamene ankayala mphasa yawo yopumulira masana.

Ine ndinali pampando pomwepo. Ndiye ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"A Mbewe."

Ndinati, "Wawa, amayi."

"Tembenukani."

Ndinati, "Amayi, galasi laphimbidwa."

Anati, "Ndikuona kuti laphimbidwa, sindine wakhungu. Munthu amene wandichotsa m'manda sindingamuthokozere pakhoma. Tembenuka, mwana wanga, ndikuone."

Alamu, mayi wanga ine anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mawu akuti mwana wanga ndinali nditaiwala kuti amalowa bwanji m'khutu. Ndinatembenuza mpando. Anali pafupi kuposa mmene amaonekera m'galasi, aang'ono, duku lobiriwira lili pamutu, ndipo ulendo uno misozi inali misozi yeniyeni. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, pamkeka pawo pomwepo. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, ndipo sanalisiye mpaka mvula inakata.

Mvula itatha Rakele anafunsa ngati achotse chitenje pagalasi. Amayi anati, "Chotsa, nyumba iwale. Koma mpando wa mwana wangayu usaubwezerenso kukhoma."

Mubwere pa Khirisimasi. Mudzatipeza tonse pamkeka umodzi.

Ndatha ine mlamu wanu,
Lazaro